Kodi kazembe akasaina pangano ku Geneva, ndiye kuti dziko lamangidwa?

Funso: Ndine wopeka nyimbo wa ku Lilongwe. Nthawi ndi nthawi ndimaona pa intaneti zithunzi za akazembe ndi nduna akusaina mapangano okhudza umwini wa nyimbo, mabuku ndi mafilimu ku misonkhano ya mayiko. Amawapatsa mphamvu imeneyo ndani? Kodi munthu mmodzi angavotere dziko lonse n'kusaina chinthu chokhudza ndalama zanga, aphungu osachiona n'komwe? Nanga akasaina zolakwika, tingabwerere m'mbuyo?

Yankho: Bambo, pa mapangano a umwini wa zaluso amene amapangidwa ku bungwe la WIPO, siginecha ya kazembe payokha siimanga dziko. Iye angasaine lero, boma lake n'kukhala zaka khumi osachitapo kanthu, ndipo palibe khoti lingalikakamize. Komabe mtima usakhale pansi msanga. Pali ntchito ina imene nthumwi zimagwira masiku angapo chithunzicho chisanajambulidwe, yosafuna chilolezo chokhwima ngati cha kusaina, koma ikalakwika kukonza kwake kumadya zaka zambirimbiri. Ndifikako, koma tiyambe ndi makalata amene nthumwi zimanyamula.

WIPO ndi nthambi ya United Nations yoona za umwini wa nzeru ndi zaluso, ndipo likulu lake lili ku Geneva, m'dziko la Switzerland. Pangano latsopano limayamba kukambidwa m'komiti kwa zaka zambiri. Mayiko akaona kuti nkhani yapsa, amaitanitsa msonkhano wapadera wa akazembe, wa sabata imodzi mpaka zitatu, woti ukamange mfundo zomaliza. Misonkhano yotereyi ndiyo inabala mapangano awiri a nthawi ya intaneti, WCT loteteza olemba ndi opeka nyimbo, ndi WPPT loteteza oimba ndi eni malekodi, ku Geneva mu Disembala 1996, pangano la Beijing loteteza ochita zisudzo m'mafilimu mu 2012, ndi pangano la Marrakesh la mabuku a anthu osaona mu 2013. Dziko lililonse limatumiza gulu lake: nduna kapena kazembe wokhala ku Geneva konko, loya wa boma, ndi mkulu wa ofesi yoona za umwini wa zaluso ngati ndalama za ulendo zapezeka.

Gulu limeneli limafunika makalata amitundu iwiri. Yoyamba, imene pamsonkhano amaitcha credentials, imangonena kuti anthu awa, mayina awo ndi awa, ndiwo akuimira dziko lathu pamsonkhano uno. Ingachokere ku unduna wa zakunja, ngakhalenso ku ofesi ya kazembe ku Geneva. Ndi kalata imeneyi munthu amakhala pampando wa dziko lake, amalankhula, amapempha kuti mawu ena asinthidwe, ndipo amavota. Yachiwiri ndi full powers, yopereka mphamvu yosainira panganolo. Lamulo lake lili mu ndime 7 ya pangano la ku Vienna la 1969, lomwe limayendetsa kapangidwe ka mapangano a mayiko. Anthu atatu okha ndiwo amasaina popanda kuonetsa kalata, chifukwa cha udindo wawo: mtsogoleri wa dziko, mtsogoleri wa boma monga nduna yaikulu, ndi nduna ya zakunja. Wina aliyense ayenera kunyamula kalata yosainidwa ndi mmodzi mwa atatuwa. Nduna ya zachikhalidwe, nduna ya zachilungamo, kazembe amene wakalambira pantchitoyo, onsewo popanda kalata cholembera sachigwira.

Kalatayi mukaiona mukhoza kuiderera. Ndi tsamba limodzi lokha, mizere yosakwana khumi: ine uje, nduna ya zakunja ya dziko lakuti, ndikupereka mphamvu kwa uje, kazembe wathu, kuti asaine pangano lakuti m'malo mwa boma. Pansi pali tsiku, malo, siginecha, ndipo kawirikawiri chidindo. Dzina la munthuyo liyenera kulembedwa, osati udindo wake wokha, ndipo panganolo litchulidwe momveka. Akasaina mlembi wamkulu wa unduna m'malo mwa nduna, kalatayo imabwezedwa. Pamsonkhano pamakhala komiti yoona makalata, yomwe imawaunika ndi kupereka lipoti lake kwa nthumwi zonse. Pamene ikuunika, nthumwi zimaloledwa kutenga nawo mbali moyembekezera, chifukwa makalata ena amafika mochedwa msonkhano utayamba kale.

Apa ndi pamene zithunzi zimatinamiza. Tsiku lotsekera msonkhano patebulo pamakhala zikalata ziwiri. China ndi panganolo. Chinacho ndi chikalata chotsekera, Final Act, chimene chimangochitira umboni kuti msonkhano unachitika malo akuti, masiku akuti, ndipo unamanga pangano lakuti. Chimenechi aliyense wokhala ndi kalata yoyamba ija angachisaine, ndipo sichilonjeza kanthu. Ku Marrakesh pa 28 Juni 2013, mayiko oposa 100 anasaina chikalata chotsekera, koma amene anasaina pangano lenilenilo tsikulo anali 51. Pachithunzi onsewo amaoneka chimodzimodzi: munthu wa suti, cholembera m'manja, mbendera pambali. Amene sanasaine tsikulo sanachedwe ayi, chifukwa panganolo linakhala lotsegula ku Geneva kwa chaka chathunthu. Dziko la United States linasaina mu Okotobala chaka chomwecho.

Nanga kusainako kumabweretsa chiyani? Ndime 18 ya pangano la ku Vienna imati dziko likasaina lisachite zinthu zowononga cholinga cha panganolo, kufikira litanena poyera kuti silikufunanso kulowamo. Ndi zokhazo basi. Zili ngati munthu amene akuchimuna amutuma kukafunsira mbeta: amalankhula m'dzina la banja ndipo mawu ake sangangotayidwa, koma ukwati umamangidwa ankhoswe akakhala pansi. Kukhala pansiko, pa nkhani ya mayiko, ndi kuvomereza panganolo kwawo kwa dzikolo motsata malamulo ake, kenako n'kutumiza kalata yovomereza kwa mkulu wa WIPO. Kalata imeneyinso amasaina ndi mmodzi mwa atatu aja, ndipo panganolo limayamba kugwira ntchito m'dzikolo pakapita miyezi itatu. Ndiponso pangano latsopano limadikira kuti mayiko ovomereza akwane nambala yoikika. WCT inafuna mayiko 30 ndipo inayamba kugwira ntchito mu Malichi 2002. La Marrakesh linafuna 20, linayamba mu Seputembala 2016. La Beijing linafuna 30 ndipo linadikira mpaka Epulo 2020.

Mbiri ili ndi siginecha zambiri zimene sizinapite patali. Pamene pangano la Berne, kholo la mapangano onse a umwini wa zolemba, linkasainidwa mu 1886, mwa mayiko khumi osaina munali Liberia, koma nthawi yovomereza itakwana Liberia sinaoneke, inadzalowa patapita zaka zoposa makumi awiri. United States inali pamsonkhanowo mongoonerera, ndipo inadzalowa mu 1989. Chitsanzo chaposachedwa ndi ACTA, pangano lolimbana ndi katundu wachinyengo ndi kukopera zaluso mwakuba, lomwe linakambidwa kunja kwa WIPO ndipo nthawi yaitali mobisa. Mu Januwale 2012 nthumwi za European Union ndi mayiko ake 22 zinasaina ku Tokyo, makalata onse ali m'malo mwake. Anthu atamva anakhamukira m'misewu, makamaka ku Poland. Kazembe wa Slovenia ku Japan, Helena Drnovšek Zorko, anafika popepesa poyera kuti anasaina. Pa 4 Julayi 2012 Nyumba ya Malamulo ya ku Ulaya inakana panganolo ndi mavoti 478, ovomera 39 okha, ndipo siginecha zonse zija zinalemba m'madzi. Onani kuti mayiyo sanaphwanye lamulo lililonse. Anatumidwa, anasaina. Koma aphungu anali akadali ndi mawu omaliza.

Kwathu kuno, gawo 89 la malamulo aakulu a dziko limapatsa Pulezidenti mphamvu yokambirana, kusaina ndi kulowa m'mapangano a mayiko, ndipo limamulola kupereka mphamvuyo kwa nduna ndi akazembe. Choncho funso lanu loti amawapatsa mphamvu ndani, yankho lake ndi Pulezidenti, kudzera m'malamulo amenewa. Gawo 211 limati pangano limene dziko lalowamo malamulo aakuluwa atayamba kale kugwira ntchito limasanduka lamulo la m'dziko muno pokhapokha lamulo lopangidwa ndi Nyumba ya Malamulo litanena choncho. Ndiye kuti boma lingathe kulonjeza kunja popanda kudikira aphungu, koma woweruza ku Blantyre akamamva mlandu wa nyimbo yanu amatsegula lamulo la umwini wa zaluso la 2016, lomwe linadutsa m'Nyumba ya Malamulo. Dziko lingalowenso m'pangano osasaina konse, pongotumiza kalata yolowera nthawi yosaina itatha. Malawi inalowa motero m'pangano la Berne mu 1991 ndi la Marrakesh mu 2017. Nthawi zina timathamanga ndithu: pangano la WIPO la Meyi 2024, lokhudza zachilengedwe ndi nzeru za makolo pa nkhani ya ma patent, ziphaso zoteteza amene atulukira zinthu zatsopano, dziko loyamba kulivomereza padziko lonse linali Malawi, mu Disembala chaka chomwecho.

Tsopano tifike pa ntchito ndinatchula poyamba ija, yomwe ine ndimaiona kuti ndiyo yoyenera kukudetsani nkhawa: kumanga mawu a panganolo. Ndime 7 yomwe ija imalola nthumwi yolandiridwa pamsonkhano kuvomera mawu a pangano popanda full powers. Mawuwo akangomangidwa, atsekedwa. Dziko lodzalowa zaka khumi m'tsogolo limawapeza momwemo, silingasinthe ngakhale kachilembo kamodzi, ndipo pangano ngati WCT limakaniratu kuti dziko lilowe likupatula ndime zina.

Dziko lililonse lili ndi voti imodzi, kaya ndi China kaya ndi Malawi, ndipo silingavotere linzake. Kazembe wa Zambia sangaponye voti ya Malawi ngakhale atapemphedwa ndi kalata. Mabungwe a oimba, a osindikiza mabuku, a malaibulale ndi a anthu osaona amaloledwa kulowa ndi kulankhula akapatsidwa mpata, koma savota. Pakafunika voti yomanga panganolo, pamafunika magawo awiri mwa atatu a mayiko amene alipo ndipo avota, kutanthauza kuti wongokhala osavota sawerengedwa. Koma ku WIPO voti ndi chinthu chosowa. Malamulo a msonkhano amati ayesetse kugwirizana popanda wotsutsa, ndipo kachitidwe kake ndi aka. Mawu amene sanagwirizanebe amakhala m'mabulaketi. Wapampando amawerenga ndime, n'kuyang'ana m'holo monse ngati pali amene waimiritsa kachikwangwani ka dzina la dziko lake, chomwe ndi chizindikiro chopempha kulankhula. Akaona kuti palibe, amati sindikuona wotsutsa, n'kumenya kanyundo kake patebulo. Yadutsa. Amene anali chete wavomera, amene anatuluka kukaimba foni kwawo wavomera, amene mpando wake unali wopanda munthu wavomeranso.

Kwa mayiko osauka vuto lagona pamenepa. Msonkhano umakhala ndi makomiti akuluakulu awiri, ina ya mfundo zenizeni za panganolo, ina ya kayendetsedwe kake, kuphatikizapo komiti yokonza mawu ndi zokambirana za m'tizipinda zomwe zimafika pakati pa usiku. Dziko lobwera ndi maloya khumi ndi asanu limakhala ndi munthu paliponse. Dziko lobwera ndi anthu awiri liyenera kusankha khomo loti lilowe. N'chifukwa chake mayiko a mu Africa amakumana paokha m'gulu lawo, n'kusankha wowalankhulira mmodzi. Njirayi imathandiza kwambiri, koma imatanthauzanso kuti ngati nthumwi yathu sinaike mlomo m'gulumo, maganizo a Africa amakhala a mayiko amene anabwera atakonzeka.

Zimene zinachitika mu 1996 zikuonetsa kulemera kwa maola omalizawa. M'zolembedwa zoyamba za WCT munali ndime yonena kuti ngakhale makope osakhalitsa, amene kompyuta imapanga yokha munthu akamawerenga chinthu pa intaneti, ndi kukopera kofuna chilolezo cha mwini. Makampani a matelefoni, malaibulale ndi mayiko ambiri anakana, ndimeyo inachotsedwa. M'malo mwake panabwera chiganizo chofotokozera, chonena kuti kusunga ntchito ya luso m'kompyuta ndi kukopera. Chiganizochi sichinadutse mogwirizana. Chinadutsa ndi voti kumapeto kwenikweni kwa msonkhano, mayiko ambiri osavota, ndipo mpaka lero maloya amatsutsana za kulemera kwake poyerekeza ndi ziganizo zina zimene onse anavomera. Msonkhano womwewo unali ndi pangano lachitatu, loteteza nkhokwe za chidziwitso za m'kompyuta, lomwe linangoikidwa pambali ndipo silinadzukenso.

Mu Disembala 2000 zinthu zinayenda mwina. Mayiko anakumana ku Geneva kuti amange pangano la ochita zisudzo m'mafilimu, ndipo anagwirizana pa ndime 19 mwa 20. Yotsalayo inali yokhudza kusamutsa ufulu wa wochita sewero kupita kwa mwini filimu, ndipo United States ndi mayiko a ku Ulaya anakokana chingwe mpaka tsiku lomaliza. Nthumwi zinali ndi mphamvu yovota koma sizinaigwiritse ntchito pa mfundoyi, zinabalalika chimanjamanja. Ena amati uku n'kufooka. Ine ndimaona kuti anawerengera bwino, chifukwa pangano la mafilimu limene dziko la Hollywood lagonjetsedwa pa voti ndipo silidzalowamo, phindu lake kwa wochita sewero n'lochepa. Koma mtengo wake unali waukulu: ndime imodziyo inadikiritsa anthu mpaka 2012.

European Union ili ndi kachitidwe kakekake. M'misonkhano ya mayiko amene ali m'pangano la WCT ingavote m'malo mwa mayiko ake, ndi mavoti ofanana ndi chiwerengero cha mayikowo, koma dziko limodzi likangoponya voti yake lokha, bungwelo silivota. Ngakhale iwo funso lanu linawavuta. Pa pangano la Marrakesh anakangana kuti woyenera kuvomereza ndani, bungwe lokha kapena bungwe pamodzi ndi dziko lililonse, mpaka khoti lawo linagamula mu Febuluwale 2017 kuti ndi bungwe lokha. Kalata yovomereza inafika ku Geneva mu Okotobala 2018, anthu osaona akudikirabe mabuku.

Pali chinthu chimodzi chimene komiti yoona makalata siifunsa: malangizo amene nthumwi yapatsidwa kwawo. Amenewa ndi chinsinsi cha boma ndi mtumiki wake. Nthumwi ikavota mosemphana ndi zimene inauzidwa, kwawo ikhoza kuchotsedwa ntchito, koma votiyo yawerengedwa. Ndime 47 ya pangano la ku Vienna imati ngati boma linaika malire pa mphamvu za nthumwi yake, silingadandaule kuti malirewo anadumphidwa pokhapokha litadziwitsa mayiko enawo zisanachitike. Ndime 46 imatsekanso khomo lina, loti dziko lizinena kuti malamulo athu a kunyumba sanatsatidwe, kupatula ngati kuphwanyako kunali koonekeratu ndipo kukukhudza lamulo lalikulu kwambiri. Nigeria inayesa njira imeneyi pa mlandu wake wa malire ndi Cameroon. Inati chikalata cha ku Maroua cha 1975, chimene anasaina Yakubu Gowon, mtsogoleri wa Nigeria nthawiyo, ndi Ahmadou Ahidjo, mtsogoleri wa Cameroon, sichinavomerezedwe ndi khonsolo yaikulu ya asilikali yomwe inkalamula Nigeria. Mu 2002 khoti la mayiko ku The Hague linakana, linati malire a mphamvu za mtsogoleri wa dziko sangaonedwe ngati odziwika kwa ena ngati sanalengezedwe moyenera. Mlanduwu si wa nyimbo, koma lamulo lake ndi lomwelo. Koma munthu akasaina wopanda mphamvu n'komwe, ndime 8 imati zimene wachitazo n'zopanda ntchito, pokhapokha boma lake litazivomereza pambuyo pake.

Choncho kubwerera m'mbuyo kumatengera pamene mwafika. Ngati mwangosaina, mungasiye osavomereza. Ngati mwavomereza kale, mungatuluke polembera mkulu wa WIPO, ndipo pa WCT kutulukako kumagwira ntchito pakatha chaka. N'zosowa kwambiri kuti dziko lichite zimenezi, chifukwa eni zaluso ake amataya chitetezo cha panganolo m'mayiko ena amene ali m'menemo. Pakati pa ziwirizi pali mphindi ina imene oimba ayenera kuitchera khutu, nthawi yolemba kalata yovomereza, chifukwa mapangano ena amapereka mpata wosankha. Ndime 15 ya WPPT imapatsa oimba ndi eni malekodi ufulu wolandira malipiro nyimbo zawo zikaulutsidwa pa wailesi, koma imalolanso dziko kulengeza kuti lidzatsata pang'ono chabe kapena silidzatsata konse. United States inagwiritsa ntchito mpata umenewu, ndipo kumeneko wailesi wamba imalipira wopeka nyimbo koma osati woimba. Chiganizo chachifupi m'kalata yosainidwa muofesi, popanda wojambula zithunzi, chimafika mpaka m'thumba la munthu.

Inu monga wopeka nyimbo, pofikira panu pafupi ndi COSOMA, bungwe lotolera ndalama za eni zaluso m'Malawi muno lomwe linakhazikitsidwa mu 1992, ndi mabungwe a oimba ndi alembi. Nthawi yofunsa ndi pamene nkhani ikadali m'komiti, chifukwa malangizo a nthumwi amalembedwa ndege isananyamuke. Mwachitsanzo, pangano loteteza nyumba zoulutsa mawu lakhala likukambidwa ku WIPO kuyambira 1998, ndipo likadzapsa lidzakhudza ubale wa mawailesi ndi eni nyimbo. Mungafunse kuti Malawi ikunena chiyani pa nkhaniyi m'gulu la Africa, ndipo ndani anafunsidwa maganizo. Zambiri sizobisika ayi. WIPO imaika pa intaneti mayina a nthumwi za dziko lililonse, malipoti a komiti yoona makalata, ndi m'ndandanda wa mayiko a pangano lililonse. M'ndandandawo muli tsiku losaina, tsiku lopereka kalata yovomereza kapena yolowera, ndi tsiku limene panganolo linayamba kugwira ntchito m'dzikolo. Ngati pa dzina la dziko palembedwa tsiku loyamba lokha, enawo mulibe kanthu, ndiye kuti panganolo silinayambe kulimanga dzikolo.